Kazitape Akalakwa Amamufunsa Ndani?

Uthengawu ndi wautali. Ngati bandulo yatsala pang'ono, usungeni mudzawerenge mawa.

Nkhani yoti kaya boma limamva mafoni athu ikabuka pagulu, sipalephera wina wonena kuti, "Aise, ngati sunalakwe ukuopanji?" Ine funso limenelo sindilinyoza. Dziko lililonse lili ndi akazitape, ndipo ntchito yawo ina ndi yofunika ndithu. Zigawenga zilipo, ozembetsa anthu alipo, akuba ndalama za boma alipo. Koma funso langa ndi lina. Kazitapeyo akanama, kapena akamvetsera munthu wosalakwa, amamuitanitsa ndani kuti afotokoze? M'mbiri ya dziko lathu, katatu konse anthu a ntchito zachinsinsi anafikapo poti afunsidwe: mu 1959, mu 1977 ndi mu 1995. Tiyeni tione momwe zinathera.

*1959: lipoti la kazitape ndi sitima ya Mpasa*

Special Branch sinayambe ndi Kamuzu ayi. Inali nthambi ya polisi ya atsamunda, ndipo m'zaka za m'ma 1950 maso ake anali pa Nyasaland African Congress, chipani chomwe chinkakana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chomwe chinayamba mu 1953. Njira yake inali yosavuta: kulipira anthu kuti azikhala pakati pa anzawo n'kumakanena zomwe amva.

Pa 25 January 1959 atsogoleri a Congress anachita msonkhano kutchire kufupi ndi Blantyre. Kamuzu sanapezekepo. Patapita masiku, malipoti a akazitape anafika kwa bwanamkubwa Robert Armitage kuti pamsonkhanopo anapangana zopha azungu, amwenye ndi anthu akuda ogwira ntchito m'boma. Pa 3 March 1959 Armitage analengeza lamulo la nthawi ya chipwirikiti. Kamuzu anamugwira m'bandakucha n'kupita naye kundende ya ku Gwelo, komwe lero timati Gweru, ku Zimbabwe. Anthu pafupifupi 1,300 anatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu.

Ife a kunyanja tsikuli timalidziwa bwino. Ku Nkhata Bay anthu omangidwa anawakweza m'sitima ya Mpasa kuti apite nawo kummwera. Abale awo anakhamukira kudoko kukafuna kuti awamasule, ndipo asilikali ochokera ku Southern Rhodesia anawombera khamulo. Ofufuza a boma la Britain anawerenga anthu 20 ophedwa pamenepo. Eni dera amawerenga oposa 30. M'dziko lonse anthu 51 anafa pa nthawi imeneyo. Tchuthi cha pa 3 March chija chinachokera apa.

Chifukwa cha phokoso la ku nyumba ya malamulo ku London, boma la Britain linatumiza komiti ya anthu anayi motsogozedwa ndi woweruza Patrick Devlin. Anayenda m'dziko muno, anamva mboni mazanamazana, ndipo mu July 1959 anatulutsa lipoti. Anavomereza kuti pamsonkhano uja panakambidwa zachiwawa, komanso kuti boma linali ndi chifukwa chochitirapo kanthu. Koma chiwembu chopha anthu mwachisawawa chija, chomwe nduna za ku London zinkalalikira, anati umboni wake palibe, ndipo malipoti a akazitape aja sanawakhulupirire. Ananenanso kuti Nyasaland inali itasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi, momwe munthu sakanayamikira Congress poyera n'kukhala pamtendere.

Ndiye zinatha bwanji? Boma la Harold Macmillan linakana mfundo zikuluzikulu za lipotilo. Linakonza yankho lotsutsa m'dzina la Armitage n'kulitulutsa pamodzi ndi lipotilo, aphungu a boma anavotera mbali yawo, nkhani n'kuthera pomwepo. Palibe wa Special Branch kapena msilikali amene anaimbidwa mlandu. Komabe choonadi chinalembedwa, ndipo pa 1 April 1960 Kamuzu anamasulidwa.

*Ufulu unabwera, khutu linatsala*

Apa ndiye pondiwawa. Kamuzu anali munthu amene anaona yekha zomwe lipoti labodza lingachite. Akanatha kunena kuti m'Malawi watsopano munthu sadzamangidwanso chifukwa cha manong'onong'o. M'malo mwake anatenga chida chija n'kuchinola.

Ufulu unabwera pa 6 July 1964. Pofika September nduna zake zinali zitasemphana naye. Kanyama Chiume, Orton Chirwa, Yatuta Chisiza ndi ena anathawa m'dziko. Masauko Chipembere anabwerera kwawo ku Malindi, ndipo mu February 1965 iye ndi anthu ake anathira nkhondo boma la Fort Johnston, lomwe lero ndi Mangochi, koma anakakanika kuwoloka Shire pa Liwonde. Kuyambira pamenepo dera lonse la kummawa kwa nyanja linkaonedwa ngati chisa cha zigawenga. Chaka chomwecho malamulo achitetezo anapereka mphamvu yotsekera munthu popanda kumutengera kukhoti. Lamulo linanso linapatsa Apayoniya mphamvu yomanga anthu, pomwe wapolisi sakanamanga Mpayoniya popanda chilolezo cha akuluakulu a Apayoniyawo. Tamvani bwino pamenepo: lamulo lenilenilo linkanena kuti womanga anzake asamangidwe.

Makutu a boma anali atatu: Special Branch, Apayoniya, ndi chipani kudzera mwa ayufi ndi matcheyamani a m'midzi. Makalata, makamaka opita ndi ochokera kunja, ankatsegulidwa. Mafoni anali ochepa, ndiye kuwamvetsera sinali ntchito yovuta. Koma chida chachikulu sichinali makina. Chinali munthu mnzako.

Bambo anga amasimba kuti masiku amenewo dzina la Chipembere silinkatchulidwa ngakhale pakati pa nyanja usiku, m'bwato muli anthu awiri okha, wina mphwako. Osati chifukwa mphwakoyo anali woipa ayi, koma sunkadziwa kuti mawa akaledzera akanena kwa ndani. Amatinso mukayambana pa za khoka, za malire a munda kapena za mkazi, amene wathamangira kwa tcheyamani ndiye wawina. Ankangoti, "Uyu wanyoza Ngwazi." Basi. Panalibe woti afunse kuti wanyoza liti, mboni ndani. Anthu ankapita ku Dzaleka ku Dowa, ena ku Mikuyu kufupi ndi Zomba, osauzidwa mlandu, osauzidwa tsiku lotuluka.

*1977: wotchera msampha akodwa*

M'zaka zoyambirira za m'ma 1970 mayina awiri ankanjenjemeretsa dziko. Albert Muwalo Nqumayo anali mlembi wamkulu wa MCP komanso nduna mu ofesi ya Pulezidenti. Focus Gwede anali mkulu wa Special Branch. Onse anali a ku Ntcheu. Nthawi yawo ndende zinadzaza: aphunzitsi a ku yunivesite, atolankhani, ogwira ntchito m'boma, ambiri a iwo ochokera kumpoto, komanso a Mboni za Yehova.

Mu 1976 awiriwa anamangidwa, ndipo mu 1977 anazengedwa mlandu woukira boma m'bwalo la mafumu, momwe munalibe loya woimira woimbidwa mlandu. Taonani umboni womwe unabwera. Panali mfuti zomwe anapezeka nazo a Muwalo. Panali makalata opanda dzina la wolemba, owaneneza, ndipo bwalo linawalandira ponena kuti utsi sufuka popanda moto. Panali zithunzi za nduna zothawa zija ndi mabuku omwe anati ndi oukira. Panalinso matepi a zomwe anthu awiriwa anakambirana pa foni. Eti mkulu wa akazitape onse, foni yake inalinso ndi womvetsera! Ukakwera pamsana pa njovu usamati pansi palibe mame.

Onse anagamulidwa kuti aphedwe. Muwalo ananyongedwa ku Zomba chaka chomwecho. Gwede chilango chake chinasinthidwa kukhala moyo wonse m'ndende, koma anatuluka mu 1993. Awiriwa atagwa, andende ambirimbiri anamasulidwa, ndipo anthu anapuma n'kumati choipa chitsata mwini.

Koma amwene, tiyang'anitsitse. Gwede sanamangidwe chifukwa chotsekera anthu osalakwa. Pa milandu yomwe anamuwerengera panalibe wa mphunzitsi amene anataya zaka zake ku Mikuyu, kapena wa mayi amene anasiyidwa ndi ana. Anamangidwa chifukwa anamuganizira kuti watembenukira mwini wake. Ndipo anamugwetsa ndi zida zomwezo: kalata yopanda dzina, tepi yobisa, bwalo lopanda loya. Munthu anachoka, makina anatsala. Kamuzu anayera m'maso mwa anthu ngati kuti sankadziwa kanthu.

Umboni woti makina anatsala ndi zomwe zinatsatira. Mu 1979 Attati Mpakati, mtsogoleri wa chipani cha LESOMA, analandira phukusi la papositi ku Maputo lomwe linamuphulikira n'kumudula zala. Mu 1983 anapezeka ataphedwa ku Harare. Orton Chirwa, mwana wa ku Nkhata Bay, loya woyamba wachikuda m'dziko muno, anagwidwa ndi mkazi wake Vera cha kumalire a Zambia mu December 1981. Anamwalirira m'ndende ya Zomba mu October 1992, ndipo Vera anatuluka mu January 1993. Jack Mapanje, wa kwa Kadango ku Mangochi, mphunzitsi wa ku Chancellor College, anatengedwa ku Zomba mu September 1987 n'kukhala ku Mikuyu mpaka May 1991 popanda kuzengedwa mlandu uliwonse. Zonsezi Gwede ali kale m'chitolokosi.

*1995: Mwanza*

Mu May 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu wa ku Chikwawa David Chiwanga, anagwidwa ndi apolisi ku Zomba. Mawa lake anaphedwa ku Thambani m'boma la Mwanza. Wailesi inati afa pa ngozi ya galimoto akuthawa m'dziko. Kwa zaka 11 aliyense ankadziwa kuti ndi bodza, koma wonena poyera panalibe.

Zinthu zinayamba kutembenuka mu 1992. Pa 8 March kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi onse. Akuluakulu a chipani anachita msonkhano wadzidzidzi ku Lilongwe pomwe ena analankhula zoti maepiskopiwo aphedwe, koma mawu a pamsonkhanopo anajambulidwa ndipo tepi yake inatuluka kunja. Kwa nthawi yoyamba omvetsera anzawo anamvedwa ndi dziko lonse. Chaka chimenecho mapepala otsutsa boma ankayenda pa fakisi ndi pa makina a fotokope, apolisi n'kumagwira anthu m'maofesi, koma madzi anali atasefukira kale. Pa 14 June 1993 anthu pafupifupi 63 pa 100 alionse anavotera zipani zambiri, ndipo mu December chaka chomwecho asilikali analanda zida Apayoniya pa Operation Bwezani.

Bakili Muluzi atalowa m'boma mu 1994 anakhazikitsa komiti yofufuza za Mwanza motsogozedwa ndi Justice Harry Mtegha. Apolisi amene anatenga nawo mbali anafotokoza momwe anthu anayi aja anaphedwera. Mu January 1995 Kamuzu anatsekeredwa panyumba, John Tembo anamangidwa, mlandu n'kuyamba. Koma mkulu wa polisi wa nthawi ya kuphedwako, Mac Kamwana, anali atamwalira kale, ndipo umboni wolumikiza amene anapha ndi amene analamula sunakhutiritse bwalo. Mu December 1995 onse anapezeka osalakwa. Mu January 1996 Kamuzu anapepesa mtundu wa Amalawi pa zowawa zomwe zinachitika mu ulamuliro wake, koma osavomera kuti analamula ndi iye.

Ndiye onani: tikudziwa amene anafa, tikudziwa komwe anafera, tikudziwa kuti anaphedwa ndi anthu olandira malipiro a boma, koma wolakwa palibe. Kuno sitinakhale ndi komiti ya choonadi ngati ya Desmond Tutu ku South Africa. Ku Germany, kuyambira January 1992, munthu aliyense anapatsidwa ufulu wokawerenga faelo yomwe akazitape a Stasi anamulembera, n'kudziwa amene ankamuneneza. Kuno mwayi wotero sitinapatsidwe. Chomwe tinapatsidwa ndi National Compensation Tribunal, bwalo lopereka chipukutamisozi. Anthu oposa 20,000 anakalembetsa, bwalolo linatsekedwa patatha zaka 10 ambiri asanalandire zonse, ndipo mu 2017 Ombudsman Martha Chizuma anatulutsa lipoti lodzudzula boma pa nkhani yomweyi. Agogo ena m'midzi yathu ino anamwalira akusunga kapepala kawo m'chikwama.

*Nanga lero?*

Tisanamizane, lero si 1975. Ndikulemba izi, inu mukuwerenga, ndipo palibe Land Rover pakhomo. Malamulo oyendetsera dziko a 1994, gawo 21, amati munthu ali ndi ufulu woti makalata ake ndi mauthenga ake a pa lamya asasokonezedwe. Amene analemba gawo limeneli ankakumbukira maenvulopu otsegulidwa aja.

Koma khutu la lero ndi lalikulu kuposa la Gwede. Iye ankafunika munthu m'mudzi uliwonse. Lero aliyense wa ife amayenda ndi kachipangizo kodziwa komwe wagona, amene wamuimbira, nthawi yanji, kwa mphindi zingati. Kuyambira 2018 simukhadi iliyonse imalembetsedwa ndi chiphaso cha unzika, kutanthauza kuti nambala ili ndi nkhope. Cha m'ma 2011 MACRA itagula makina a CIRMS, omwe anthu anawatcha makina a ukazitape, iyo inati ndi oyezera ubwino wa netiweki ndi ndalama zomwe makampani a mafoni amapeza. Anthu ena anakasuma, khoti lalikulu linayamba laletsa, koma khoti la apilo linadzalola.

Mu February 2016 andale atatu a MCP, yomwe inali yotsutsa nthawiyo, Jessie Kabwila, Ulemu Msungama ndi Peter Chakwantha, anamangidwa chifukwa cha zokambirana za pa WhatsApp, ndipo mlanduwo sunapite patali. Mu April 2022, MCP yomweyo ili m'boma, mtolankhani Gregory Gondwe anagwidwa n'kulandidwa foni ndi kompyuta chifukwa cha nkhani ya katangale yomwe analemba. Mwaona? Zipani zimasinthana mipando, chilakolako chosuzumira m'foni ya mnzako sichisintha. Ndipo dziwani kuti ngakhale mauthenga a WhatsApp amayenda otsekedwa moti wapakati sangawawerenge, loko ameneyo sateteza foni ikalandidwa, kapena wina wa m'gulu momwemo akajambula sikirini n'kutumiza kwina. Njira ya tcheyamani ija ikadalipo.

Ife ana a asodzi nkhaniyi sikuyenera kutivuta kumva. Pali kusiyana pakati pa mbedza ndi neti ya udzudzu. Wa mbedza amadziwa nsomba yomwe akufuna. Wa neti ya udzudzu amakokolola zonse, ndi tiana ta chambo tomwe, n'kumati asankha kumtunda. Sitinena kuti usodzi uthe. Timati maso a ukonde akhale ndi muyezo, nyengo yoswana nsomba ilemekezedwe, ndipo pagombe pakhale komiti yoti ikhoza kulanda ukonde wosaloledwa ngakhale mwini wake ndi mlamu wa mfumu. Ku Mbenje ku Salima akhala akutseka chilumba chaka ndi chaka kwa zaka zambirimbiri, ndipo zimatheka chifukwa wophwanya lamulo amalangidwa. Ukazitape umafunika zomwezo.

Ndipo n'zotheka. Inu a ku Joni mwina munamva: mtolankhani Sam Sole atazindikira kuti boma linkamvetsera foni yake, bungwe lake la amaBhungane linakasuma. Mu February 2021 khoti lalikulu kwambiri la South Africa linagamula kuti lamulo la RICA lili ndi zibowo zosemphana ndi malamulo a dziko, kuti kukokolola mauthenga a anthu mwachisawawa n'kosaloledwa, komanso kuti munthu amene anamvetseredwa aziuzidwa kafukufuku akatha. Mfundo yomalizayi ndi yaikulu. Sungadandaule za chinthu chomwe sukudziwa kuti chinakuchitikira.

Kuno kwathu bungwe la akazitape linagwira ntchito zaka zambiri za demokalase lilibe lamulo lakelake. Lamulo lokhazikitsa National Intelligence Service linadutsa m'Nyumba ya Malamulo mu 2017, ndipo muli ndime yokhazikitsa bwalo lolandira madandaulo a anthu. Pa pepala ndi sitepe yabwino. Koma gawo 21 nalonso lili pa pepala. Pepala limagwira ntchito pokhapokha wina akalinyamula n'kupita nalo kwa mwini udindo.

Choncho phungu wanu akadzabwera kugombe ndi mipira ndi mayunifomu, landirani, kenako mufunseni izi. Kodi wofuna kumvetsera foni ya munthu, kapena kutenga mndandanda wa omwe waimbirana nawo, amapempha chilolezo kwa woweruza kapena kwa bwana wake? Kodi chaka chatha zilolezo zotero zinaperekedwa zingati, ndipo zingati zinakanidwa? Kodi bwalo la madandaulo lija limakhala kuti, ndipo msodzi wa ku Msaka kapena ku Usisya angalifikire bwanji? Kodi mafaelo a Special Branch ali kuti, ndipo ana a anthu amene anatsekeredwa adzaloledwa liti kuwawerenga? Akayamba kuzungulira, mubwerezenso. Ndi ntchito yomwe munamutuma.

Chinanso, chomwe sichifuna phungu. Pafupifupi m'mudzi uliwonse wa m'mbali mwa nyanja muli gogo amene anapita ku Dzaleka kapena ku Mikuyu, kapena amene mchimwene wake anatengedwa usiku osabwerera. Anthuwa akutha. Khalani nawo pansi madzulo, apempheni chilolezo, mulembe dzina, chaka, komwe anawatengera ndi zomwe anawauza kuti alakwa. Boma linali ndi faelo ya iwo. Ifenso tikhale ndi yathu. Akuluakulu anati mlandu suola, koma umafuna mboni.

Tumizani kwa anzanu, ndipo amene muli ndi nkhani za kwanu, ndilembereni.

Ndine wanu, mwana wa msodzi.